Seramiki siiletsa mwala: za kuteteza penti wa galimoto zodula kuno ku Joni

Akonzi,

Tipatseni mpata tilankhule ndi abale athu amene ali pa ntchito yotsuka ndi kupolisha galimoto kuno ku Johannesburg, komanso amene Mulungu wawaona agula Mercedes-Benz, BMW kapena Range Rover n'kumafunsa kuti pentiyo amuteteze bwanji. Pa malo otsukira galimoto ku Randburg, Midrand ndi Sandton pakumveka mawu akuti mukapaka seramiki, mankhwala amadzi amene amauma pamwamba pa penti, ndiye kuti galimoto sidzakalikanso, mwala sudzaigunda, ngakhale matalala. Izi si zoona, ndipo anthu akutaya ndalama nazo. Filimu, pulasitiki yomata pa penti, ndi seramiki ndi zinthu ziwiri zogwira ntchito zosiyana.

Tiyambe ndi pentiyo. Galimoto ikamatuluka ku fakitale, penti yense, kuyambira pa chitsulo mpaka pamwamba, nthawi zambiri amakhala ma micron 100 mpaka 150, pafupifupi kukhuthala kwa pepala limodzi la mu ofesi. Mwa amenewa, clear coat, amene ndi wowala wa pamwamba uja, amangokhala ma micron 35 mpaka 50. Ameneyu ndi amene amatchinga dzuwa, ndipo akatha sabwerera pokhapokha galimoto ipentedwenso. Seramiki ikauma imakhala micron imodzi kapena awiri basi. Filimu yabwino, imene amisiri amaitcha PPF, ndi pulasitiki yofewa ya polyurethane yokhuthala pafupifupi ma micron 200. Ndiye tangoganizani kamwala kamene kaponyedwa ndi tayala la thiraki pa msewu wa N1 kapena N3, inu muli pa liwiro la makilomita 120 pa ola. Micron imodzi ingaletse chiyani? Filimu ndi imene imalandira nkhonyayo. Seramiki ntchito yake ndi yoti madzi aziterereka, fumbi lisamakakamire, zitosi za mbalame zichedwe kudya penti, ndipo kutsuka kuzikhala kosavuta. Chizindikiro cha 9H chimene chimalembedwa pa mabotolo chimachokera pa muyeso wa kulimba kwa pensulo. Sichitanthauza kuti kiyi kapena mchenga sizingakale.

Za matalala tinene mosabisa: palibe filimu kapena seramiki imene ingaletse chitsulo kubonyoka. Amene anaona matalala a mu Novembala 2023 ku Midrand ndi madera ozungulira akudziwa mmene maboneti ndi madenga a galimoto anaonongekera. Mankhwala ake ndi garaja, shedi, ndi inshuwalansi.

Mzinda uno uli pamwamba, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho dzuwa lake limapsereza penti msanga. Mu Okutobala ndi Novembala maluwa a jacaranda amagwera pa galimoto n'kuvundira pomwepo mvula ikagwa. Zitosi za mbalame zotchedwa hadeda zikakhala pa boneti yotentha kwa maola ochepa zimasiya chipsera mu clear coat. M'nyengo yozizira kumauma, ndipo mphepo ya mu Ogasiti imanyamula fumbi la pa milu ya ku migodi, lomwe ndi mchenga wosalala woti ukangopukutidwa ndi nsanza youma walemba mizere. Amene amayenda ulendo wa kumudzi kudzera ku Polokwane, Musina, Beitbridge mpaka Tete ndi Mwanza, kutsogolo kwa galimoto n'kumene kumavutika. Kwa iwo uphungu wathu ndi wakuti ndalama ikachepa, yambani ndi filimu pa bampa, boneti yonse, madigadi a kutsogolo, magalasi a m'mbali ndi m'munsi mwa zitseko. Boneti imatidwe yonse, osati theka, chifukwa mzere umene filimu yathera umasunga fumbi ndi polishi, ndipo pa galimoto yakuda umaonekera patali. Seramiki ibwere pambuyo, pa galimoto yonse.

Ntchito yeniyeni ili pokonza penti musanamate chilichonse, ndipo apa m'pamene ambiri amadula njira. Galimoto itsukidwe ndi sopo wa galimoto pa mthunzi. Kenako muwaze mankhwala ochotsa tizitsulo timene timachokera ku mabuleki. Akamagwira ntchito amasanduka ofiirira, ndipo muwatsuke asanaume. Phula la mu msewu lichotsedwe ndi mankhwala ake, osati kukanda ndi chikhadabo. Mukatero mupititse dongo lotsukira penti, lonyowetsedwa bwino, mpaka dzanja likamadutsa lisamve tokhakhala. Dongolo likagwa pansi litayeni, latola mchenga.

Musanayatse makina opolishira, yezani penti ndi kachipangizo koyezera kukhuthala, malo angapo pa chitseko chilichonse, boneti ndi denga. Pamene pakuonetsa 120 kwinaku chitseko china chikuonetsa 300 kapena kupitirira, dziwani kuti chitsekocho chinapentedwanso, mwina pansi pali fila, phala lotsekera pobonyoka. Izi n'zofunika pa zifukwa ziwiri. Penti wopentedwa kumene amakhala akutulutsabe mpweya wa mankhwala ake, ndiye mukamata filimu pasanathe masiku 30, ena amati mpaka 90, mpweyawo umatsekeredwa ndipo pamatuluka matuza. Chachiwiri, penti wa ku garaja amene sanagwire bwino amatha kumatuka limodzi ndi filimu, kaya pa tsiku lomata mukamaisuntha, kaya patsogolo poichotsa. Mwini galimoto auzidwe izi ntchito isanayambe, ndipo ndi bwino kulemberana. Galimoto zambiri zodula zogulidwa kwa munthu wina zinapentedwapo penapake ngakhale wogulitsa atalumbira.

Popolisha gwiritsani makina a dual action, amene amazungulira uku akugwedezeka, kuyamba ndi polishi wofewa ndi siponji yofewa pa kadera kakang'ono, n'kuona ngati zakwanira musanapite ku wokhakhala. Makina a rotary, ongozungulira basi, m'manja mwa wophunzira amawotcha penti m'makona ndi m'mizere ya boneti, momwe clear coat amakhala wopyapyala. Musathamangitsane ndi mzere uliwonse wakuya. Umene chikhadabo chikukodwamo usiyeni, chifukwa kuuchotsa n'kumaliza clear coat wa pamenepo. Penti wosawala wa matte sapolishidwa n'komwe, mukangoyesa pamakhala chigamba chowala chosabwezeka. Mukamaliza, pukutani galimoto yonse ndi isopropyl alcohol wosungunula m'madzi, magawo 10 mpaka 20 pa 100, kuti mafuta a polishi achoke. Mafuta amenewa amabisa mizere, komanso amalepheretsa guluu wa filimu ndi seramiki kugwira. Unikani ndi tochi yowala kuchokera m'mbali. Chimene mwachisiya pa penti mudzachiona pansi pa filimu kwa zaka zonse.

Filimu imamatidwa m'nyumba yotseka, yopanda fumbi, yofunda pakati pa madigiri 15 ndi 30. M'mawa wa mu Juni kapena Julayi kuno kumazizira mpaka pafupi ndi 0, filimu imauma gwa, siitambasuka ndipo guluu sagwira. Dikirani kutenthe kapena ikani hita. Pansi pawazidwe madzi kuti fumbi lisauluke. Pamafunika mabotolo awiri opopera. Loyamba ndi la madzi oyera okhala ndi madontho ochepa a shampu ya ana, loti filimu iziterereka mpaka ikhale pamalo pake. Lachiwiri ndi la madzi osakaniza ndi alcohol, magawo 10 mpaka 25 pa 100 malinga ndi malangizo a kampani yopanga filimuyo, loti lichotse sopo pamene mukufuna kuti pagwire msanga, monga m'makona ndi m'mphepete. Sopo akachuluka m'mphepete simugwira, alcohol akachuluka guluu amayera n'kusiya zipsera. Madzi amatulutsidwa ndi squeegee, kachipangizo kosalazira filimu, kuchokera pakati kupita kunja, mkwapulo uliwonse kudutsa pa theka la unzake. Mukakoka filimu mopitirira pa bampa, guluu amalemba mizere, ndipo pakapita masiku imabwerera m'mbuyo n'kutukuka m'mphepete. Zala zikhale zonyowa nthawi zonse, chala chouma chikakhudza guluu chidindo chake chimatsala.

Nkhani ya lezala ndi imene imatiwawa kwambiri. Makampani ngati XPEL, 3M ndi SunTek ali ndi mapatani a pa kompyuta a mitundu yambiri ya galimoto, ndipo makina amadula filimu isanafike pa galimoto, n'kusiya mabowo a masensa oimikira ndi makamera. Mmisiri wodulira pa galimoto penipeni amafunika dzanja lozolowera kwambiri, lezala wake azingolemba filimu osaiboola. Wosadziwa amadula mpaka penti, ndipo mwini wake sadziwa kanthu mpaka tsiku lomatula, pamene amapeza mizere yozungulira boneti yonse, ina itayamba dzimbiri. Eni galimoto, funsani kuti adula bwanji, ndipo pemphani kuona m'mphepete mwa galimoto ina imene anamata kale. Funsaninso dzina la filimu ndi chikalata cha chitsimikizo chochokera ku kampani yake. Chitsimikizo cha mafilimu odziwika chimafika zaka 10. Filimu yotchipa yopanda dzina, kapena vinyl yosinthira mtundu imene akuigulitsa ngati PPF, imasanduka yachikasu pa dzuwa la kuno, imang'aluka, ndipo kuichotsa kumadya nthawi kuposa kuimata.

Timatuza ta madzi timene timaoneka tsiku loyamba timauma tokha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Musatiboole, musatitsindire ndi chala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Seramiki imabwera pamwamba pa filimu, osati pansi. Mukayamba ndi seramiki, guluu wa filimu sapeza pogwira, ndipo muyenera kupolishanso kuti ichoke. Botolo la mamililita 30 limakwana galimoto yapakatikati, SUV yaikulu imafuna 50. Pakani kadera ka masentimita 50 mbali zonse, mizere yopingasa kenako yotsika, dikirani mpaka iyambe kuoneka ngati thukuta kapena utawaleza, zomwe zimatenga mphindi imodzi mpaka zisanu malinga ndi kutentha ndi chinyontho, ndiye pukutani ndi nsalu ziwiri za microfibre, yoyamba yochotsa, yachiwiri yosalaza. Mu Disembala kukatentha nthawi imeneyi imafupika kwambiri, choncho chepetsani kadera. Mukachedwa kupukuta pamatsala zigamba zakuda zooneka ngati mafuta, ndipo zikauma usiku umodzi zimachoka ndi polishi basi. Nsalu zimene mwagwiritsa zimauma timiyala ta galasi mkati, zisadzakhudzenso penti. Galimoto isanyowe kwa maola 12 mpaka 24, zomwe m'nyengo ya mvula ya masana zikutanthauza kuti igone m'garaja, ndipo isatsukidwe ndi sopo kwa masiku 7.

Abale athu otsuka galimoto, zonsezi zimathera m'manja mwanu. Bwana akanena kuti galimoto yake ili ndi filimu kapena seramiki, yambani mwaitsira madzi ndi thovu kuti mchenga utsike wokha. Gwiritsani ndowa ziwiri, ya sopo ndi yotsukuluzira, ndipo chotsukira cha matayala chisakwere pa chitseko. Sopo wotsukira mbale, mankhwala ochotsa girisi wa injini ndi asidi wa marimu sizifunika pa penti, zimafooketsa seramiki n'kudetsa filimu. Mpope wa mphamvu ukhale masentimita 30 mpaka 50 kutali, ndipo musauloze m'mphepete mwa filimu, madzi amalowa pansi n'kuitukula. Madzi a pa mjigo amene ali ndi laimu wambiri akauma pa dzuwa amasiya madontho oyera, ndipo pa seramiki vutoli limakula chifukwa madzi amaima timipira. Pukutani nthawi yomweyo ndi thaulo la microfibre kapena muuzire ndi mpweya. Timizere tating'ono pa filimu timatha tokha ikakhala pa dzuwa kapena mukathirapo madzi ofunda, choncho musathamangire makina opolishira. Madzi akasiya kuterereka pakapita miyezi, nthawi zambiri seramiki siinathe koma yakutidwa ndi litsiro la mu msewu. Tsukani ndi mankhwala ochotsa tizitsulo aja muone kaye musanauze mwini wake kuti alipirenso.

Ife,
Amisiri osamalira penti wa galimoto,
Johannesburg