Aise Jafali, mutu wanga unausiya kuti?

Jekete ija yafika, Che Imedi anabweretsa okha Lachiwiri atangotsika basi, pamodzi ndi kakalata kako ka mizere 4. Zaka zonsezi munthu osalemba, polemba mizere 4, ndipo mzere umodzi ndi wofunsa ngati Mussa anabweza ngongole. Sanabweze. Jeketeyo ndiyabwino zikomo, koma kaya waiwala kuti kuno ndi ku Mangochi, October uno ngakhale abuluzi akubisala pansi pa miyala. Ndaikoleka pa msomali ndidzavala mwera ukayamba, ngati chiswe chindisiyire.

Nkhani ya chiswe ndi imene yandilembetsa kalatayi. Mayi ake a Patuma amasuntha bedi sabata yatha nkupeza chiswe chamanga kuseri mpaka chalowa mu sutikesi yakuda ija, ija tinkasungamo masatifiketi. Potaya zinthu nde kutuluka envulopu ya khaki, kutsegula, zithunzi za ulendo wathu wa ku Mozambique wa 2006. Ndinakhala pansi pomwepo pa simenti aise, nsima inazizira akundiitana. Filimu ija inali ya zithunzi 36, zinatuluka bwino 29 chifukwa zina unatsegula kamera padzuwa ku Cuamba kuti uone ngati "zikulowadi", ndipo pa 29 zimenezo chiswe chadya 5, zina zamatana ndi chinyontho moti pomatula nkhope yako yatsalira kumsana kwa chinzake. Zatsala 24. Ndawerenga kawiri. Pa 24 iwe ulipo pa 21. Ziwiri ndi njinga yokha. Chimodzi ndi ine, ndipo ndilibe mutu.

Ndikunena zoona, chithunzi chija unandijambula pa mlatho wopita ku chilumba cha Ilha de Moçambique chinayambira m'khosi kutsika. Shati ilipo, lamba alipo, nsapato zilipo zonse ziwiri, kumbuyo nyanja yaoneka bwinobwino mpaka kabwato ka thanga kali uko, koma mwini ulendo mutu mulibe. Nthawi ija titakatsukitsa tinaseka mpaka wojambula uja anatithamangitsa mu studio, ine ndinkati palibe kanthu anthu akudziwa kuti ndinapita. Lero anthu odziwawo ali kuti? Ndamuonetsa Yamikani, pano ali Form 3 ndipo amadziyesa loya, wayang'ana nkunena kuti adadi uyu akhoza kukhala aliyense. Ndati ona mwendo wamangidwa nsanzawo, nkukweza buluku kumuonetsa chipsera cha ekizozi. Akuti wakabaza aliyense pa depoti ali nacho chipsera chimenecho. Mwana wobereka ndekha. Pano nyumba yonse akunditchula kuti "amene anaperekeza njinga".

Ine amene ndinayendetsa! Iwe unangokhala kumbuyo ndi chigubu cha petulo pamiyendo nkumaimba. Makilomita opitirira 700 kupita kokha, pa Yamaha AG 100 yotopa kale imene ndinagula pamene bungwe lija linkagulitsa njinga za alangizi ake, anthu awiri akuluakulu, chikwama, pampu, machubu awiri ndi masipanala obwereka kwa Che Saidi. Paja Che Saidi anatisiya mwezi wa Ramadan, kaya anakuuza. Shuga. Galaja yawo pano agulitsamo ma chaja a foni.

Chithunzi choyamba uli pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa, chipilala cha wotchi chikuoneka pang'ono kumbuyo, wavala magalasi akuda a mlamu wako ngati ukupita kukalandira mendulo. Nthawi imeneyo mlathowo unali usanathe ndi zaka 5 zomwe, tinkaunyadira ngati tinamanga ndife. Ola limodzi lisanathe tinali tikukankha njinga pa chikweza cha ku Chowe, pulagi itada bii, iwe ukuti tibwerere mwina ndi malodza. Chimenecho sitinajambule. Tinajambula pa Chiponde, iwe utagwira pasipoti m'mwamba, kenako ku Mandimba utayala ndalama pa mpando wa njinga. Ukukumbuka? Chaka chimenecho ndi chimene a ku Mozambique anachotsa maziro atatu pa ndalama yawo, kuyambira July, nde zakale ndi zatsopano zinkayenda limodzi, 1,000 yakale kukhala 1 yatsopano. Ife kwathu pepala lalikulu linali K500, tinangosintha timakwacha tathu nkupezeka tili ndi 1 miliyoni ndi kanthu. Iwe unati basi sitibwereranso ku Malawi. Madzulo ake tinagula pau, buledi wa kumeneko, ndi tiyi nkuona kuti umiliyoneya wathu utha Lachinayi. Ndipo mayi wa pau uja atakupatsa chenji cha tindalama tatsopano unafuna kuyambitsa ndewu, ukuti wakubera, ukukuwa Chiyao iye akuyankha Chipwitikizi, mpaka mnyamata wina anatiwerengera pa mchenga ndi kamtengo.

Pau uja koma. Mpaka lero buledi wa kuno ndimangodya poti ndi njala.

Kuchoka Mandimba kukafika Cuamba fumbi lokhalokha, lofiira, ndipo pa chithunzi cha pa siteshoni ya sitima ku Cuamba ukuoneka ngati akufukula kumene, mano okha ndi amene akuyera. Ndimati tikweze njinga pa sitima ya ku Nampula iwe unakana, ukuti amuna sakwera sitima ali ndi injini yawo. Amuna ake ati, poti amene anathyoka msana ndine. Msewu uja nthawi imeneyo unalibe tala, mabampu ang'onoang'ono aja ogwedeza mpaka m'mano, titaoloka Lúrio tcheni chinayamba kuvuka pafupipafupi ndipo chubu chinaphulika kawiri tisanafike Malema. Pali chithunzi china iwe wakhala pa mwala ukudya nthochi, kumbuyo phiri lija la mwala umodzi losalala ngati mutu wa Che Imedi, ndipo pakona penipeni pakuoneka tayala lili pansi ndi sipanala. Ndinasiya ntchito manja ali girisi yekhayekha kuti ndikujambule iwe ukudya nthochi. Chala changa chinadinda pa kamera, chikuoneka ngati mtambo wakuda. Ndamuuza Yamikani kuti chala icho ndi changa, akuti chala si umboni.

Usiku wa ku Malema sindiuiwala ngakhale palibe chithunzi. Bambo uja anatigoneka pa khonde, Chimakua chake ife osamva Chichewa chathu iye osamva, koma anatiphikira nsima ya chinangwa ndi nyemba, nkutifunditsa chitenje cha mkazi wake. M'mawa anakana ndalama, anangopempha kuti akwere njinga kuzungulira mudzi kamodzi. Dzina lake sitinafunse nkomwe. Zinthu zina ukamakula zimakuwawa mochedwa.

Nanga amalume ako aja a ku Nampula, amene tinapitira ulendo wonsewu kuti akakupatse mashini osokera? Tinazungulira tauni masiku awiri nkumva kuti anasamukira ku Pemba kalekale. Ine ndinakwiya, iwe unaseka, nkunena kuti poti tafika kale tiyeni tikaone nyanja ya mchere, yatsala pafupi. Pafupi pako panali makilomita ngati 180, kudutsa Namialo ndi Monapo, koma tala yekhayekha nde njinga inkangouluka ngati yadziwa. Apa nde zithunzi zachuluka, 11 zonse za pa chilumba. Mlatho uja aise, makilomita atatu ndi kuposa, wopapatiza galimoto imodzi basi, ina ikabwera kudikirana pa timalo topatukira. Wathu wa pa Shire ungalowemo koposa ka 10. Ndinayendetsa manja akunjenjemera, madzi uku ndi uku, iwe kumbuyo pemphero lililonse limene unaphunzira ku madrasa linatuluka tsiku limenelo. Nde pakati pomwepo ndi pamene ndinati ima, kamodzi kokha undijambuleko inenso. Kamodzi kokha. Ndinapesa ndi tsitsi lomwe.

Chimene chandiseketsa kwambiri mpaka mayi ake a Patuma kubwera kudzaona ngati ndili bwino ndi chija waima pa matope wanyamula nsapato, nkhope ngati wamva uthenga wa maliro. Tinagona madzi ali pafupi ndi khoma, podzuka nyanja yapita, mabwato agona chammbali pa mchenga, azimayi ali kutali uko akutola tinkhono. Iwe unandigwedeza kuti Dalitso dzuka nyanja yathawa tiyeni tizipita kuno kuchitika zoopsa. Ife ana a m'mbali mwa nyanja, tinakulira m'madzi, tinkadziyesa akatswiri, osadziwa kuti kuli nyanja ina imene imachoka nkubweranso kawiri pa tsiku ngati ili pa ganyu. Yathuyi ikabwera yabwera. 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu m'mbali monsemu, miyezi osabwerera, munda wa apongozi ako wa kudambo uja unasanduka pokokera usipa. Ndipo unalawa madzi aja ngakhale ndinakuletsa, nkulavula, nkulawanso kachiwiri kuti mwina poyamba unatunga poipa.

China uli pa linga lija la São Sebastião wakwera pa mzinga, dzanja pachipumi ngati ukuona adani. Mnyamata wotiperekeza uja anatiuza kuti linamangidwa zaka za m'ma 1500 ndipo chilumbacho ndi chimene chinali likulu la dziko lonse mpaka 1898, iwe nkufunsa kuti nanga bwanji sanapake penti. China uli ndi azimayi awiri odzola zoyera zija kumaso, mussiro, amene poyamba unkawaopa ukuti ndi anamwali a ku chinamwali tisayandikire. Chimenecho ndachibisa, akazi ako akabwera kuno asachione, wamwetulira mopitirira muyeso. Ndipo china wagwira chinyama cha miyendo 8 chija ndi zala ziwiri, patali. Unakana kudya ukuti chambo chili ndi ulemu wake. Ine ndinadya ndi mpunga wa kokonati, koma ndani angakhulupirire munthu wopanda mutu.

Pano iwe ku Durban nyanja yomweyo ukuiona tsiku ndi tsiku, mwina sutembenukanso nkomwe. Kaya umapitako? Kapena ndi mashini basi kuyambira m'mawa mpaka usiku m'kachipinda kaja unandionetsa pa video call. Mashini amene tinakawasaka ku Nampula unakawapeza kutali ndithu. Ndikayang'ana zithunzizi ndikuona kuti unali woonda, khosi ngati la kakowa, koma pafupifupi pa chilichonse ukuseka. Pa video paja sunaseke. Ndangonena.

Mayi ako ndinawaona Lachisanu ku M'baluku. Maso akuvuta, anandizindikira ndi mawu. Ndinawatengera chithunzi chimodzi, cha pa mzinga chija, anachiyandikitsa mpaka pamphuno nkuchisisita ndi chala nthawi yaitali osayankhula, kenako akuti ameneyu anali asanayambe kunama kuti abwera pa Eid. Sindinayankhe. Chithunzicho anakana kubweza nde zatsala 23. Denga la kukhitchini kwawo likufunika malata 6 mvula isanayambe, mtengo sindikuuza pano ungakomoke, chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44% kuja mu November 2023 zinthu zimakwera ngati zikuthamangitsidwa. Patuma akukwatiwa December, mnyamata wa ku Namwera, zinazo ndidzakuuza.

Njinga ija ukuifunsa? Sunafunse koma ndikuuza. Ndinagulitsa 2012 nthawi ya mavuto a mafuta ija, kwa mphunzitsi wina wa ku Malindi, ndimamva kuti injini yake pano ikupopa madzi kudimba. Tauni yonse pano ndi njinga zamoto, tianyamata ta kabaza tosamera ndi ndevu zomwe, helemeti palibe, ndikawauza kuti ine ndinafika pa nyanja ya mchere pa AG 100 amangoti eeh madala, ulemu wa pakamwa, akatembenuka nkumatsinzinirana. Mmodzi anandifunsa kuti video ilipo? Mxii.

Nde tamvera. Mboni yanga ndiwe wekha, Che Saidi apita, bambo wa ku Malema sitimudziwa dzina, njinga ili kudimba. Voice note sindikufuna, Yamikani anena kuti tapangana. Ubwere wekha ukhale pa khonde pano unene pamaso pa ana kuti thupi ili ndi la bambo anu ndipo mutu ndinadula ndine. Ukafuna tidzabwereke njinga, akuti msewu wa Cuamba kukafika Nampula pano ndi tala, tidzapite ukandijambulenso pamalo pomwepo, foni zamasiku ano umaona pompo ngati mutu walowa. Ngakhale tsitsi lopesa lija linatha, ndi msanawu kaya ungafike ndi pa Chiponde pomwe. Komanso ndimafuna ndikufunse, ma negativu aja si iwe unatenga? Chifukwa ndikuganiza kuti mwina wojambula uja ndi amene anadula potsuka, mwina pa negativu mutu ulipo, ukanayang'ana m'katundu wako uja unasiya kwa mayi kapena

Magetsi athima kuyambira masana, foni ili pa 2% ndipo udzudzu wandipeza. Za Mussa usadandaule ndimuonanso mawa. Moni kwa Che Amidu ngati mukuonanabe.

Ndine,
Dalitso