Asanalipidwe ogulitsa maseva, azule kaye chingwe tione

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yatikwana tonse, yoima pa mzere mu ofesi mpaka miyendo kuwawa n'kungouzidwa kuti "netiweki yagwa". Ine ntchito yanga ndi yosamalira maseva, makompyuta akuluakulu omwe makompyuta ena mu ofesi amadalira, ndipo ndikuuzeni kuti nthawi zina kampani ya intaneti timangoinamizira. Vuto limakhala m'kachipinda ka maseva momwemo, pakati pa seva ndi bokosi la madisiki losunga mafayilo onse.

Maofesi omwe ndalama za Fibre Channel, netiweki yapadera yolumikizira madisiki, alibe amalumikiza ziwirizi ndi iSCSI, njira yolankhulirana seva ndi madisiki yomwe imadutsa pa zingwe wamba za Ethernet, pa khomo (port) 3260. Malamulo ake ali m'chikalata cha RFC 3720 cha 2004, ndipo adawakonzanso mu RFC 7143 mu 2014. Seva imagogoda kubokosiko n'kutsegula seshoni, ndiye kuti njira yoti ziwirizi zizilankhulana. Malamulowo saletsa kutsegula maseshoni angapo pakati pa makina awiri omwewo, koma ambiri oika makina amatsegula imodzi, aona disiki yaoneka, basi anyamula chikwama.

Mukafunsa, amakulozerani zingwe ziwiri kumbuyo kwa seva, ati tazimanga pamodzi ndi LACP, njira yophatikiza zingwe kuti zikhale ngati chimodzi. Zoona, chingwe chimodzi chikaduka chinacho chimalandira ntchito. Koma LACP imayendetsa kulumikizana kumodzi kwa TCP, monga kwa seshoni imodzi ija, m'chingwe chimodzi chokha, ndiye mwalipira ziwiri pomwe liwiro ndi la chimodzi. Komanso zonse zikalowa mu swichi imodzi, bokosi lokumanirapo zingwe za netiweki, swichiyo ikazima zathera pompo. Magetsi athu mukuwadziwa.

Chofunika ndi maseshoni awiri, iliyonse ndi khadi lake la netiweki ndi swichi yake, pamwamba pake n'kuika multipath, pulogalamu yophatikiza njira ziwirizo kuti disiki ioneke imodzi. Popanda multipath, Linux imaona disiki imodzi ngati ziwiri, sdb ndi sdc, ndipo wina wosadziwa akhoza kufomata "yachiwiriyo" poyesa kuti ilibe kanthu. Ilipo njira ina, MC/S, yolowetsa malumikizano angapo m'seshoni imodzi. Windows imailola, pulogalamu ya open-iscsi ya pa Linux ayi, choncho ine sindivutika nayo.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi pa mayina. Seshoni iliyonse imadziwika ndi dzina la seva, IQN, pamodzi ndi nambala yotchedwa ISID. Bokosi likaona wina akulowa ndi dzina ndi nambala zomwezo, limati ndi mwini wake wabwerera, ndiye limatseka seshoni yakale. Ndidaitanidwapo ku ofesi ina kuno ku Blantyre komwe adakopera seva n'kupanga yachiwiri osasintha fayilo ya initiatorname.iscsi, yomwe imasunga dzinalo. Maseva awiriwo ankangothamangitsana ngati atambala awiri m'khola limodzi, uyu akalowa uyo watuluka, tsiku lonse. Amayi a pa kauntala ankangoona kompyuta ikuuma n'kutsitsimuka, anthu pa mzere akuwakalipira iwo.

Palinso replacement_timeout, nthawi yodikira kuti njira yoduka ibwerere, yomwe mu open-iscsi imabwera ili pa masekondi 120. Mukaisiya choncho, seva ikhoza kudikira mphindi ziwiri isanavomereze kuti njira yafa, ngakhale yachiwiri ili chilili.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu olemba ma tender ogulira makina m'boma ndi m'makampani. Musamangolemba kuti zingwe zikhale ziwiri. Lembani kuti maseshoni akhale osachepera awiri, pa maswichi awiri osadya magetsi pa UPS imodzi, batire lija losungira magetsi. Tsiku lolandira katundu, wogulitsa atayipe lamulo loonetsa njira zonse, multipath -ll, inu mukuona, njira zonse zionetse active ready. Kenako ayambe kukopera fayilo yaikulu, azule chingwe chimodzi, achibwezere, azimitse swichi imodzi. Kukopera kukaima osapitirira, cheke chidikire mpaka akonze.

Wosamalira maseva,
Limbe, Blantyre