Lipoti la Msonkhano wa Alangizi: Kudzidziwa ndi Kukula kwa Achinyamata

A Wapampando ndi alangizi anzathu nonse,

Munatituma ku msonkhano uja ndi funso limene lakhala likutisowetsa mtendere: n'chifukwa chiyani ana amavomera zonse tikamawalangiza, koma akangotuluka pakhomo n'kukachita zosiyana? Nazi zimene tinamva, pamodzi ndi zimene tikuona kuti gulu lathu lisinthe.

Za thupi sitichedwapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerenga unyamata kuyambira zaka 10 mpaka 19. Atsikana amayamba kutha msinkhu ali ndi zaka pakati pa 8 ndi 13, anyamata pakati pa 9 ndi 14. Msambo umabwera patatha zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono chiyambire mawere kutuluka, ndipo mtsikana amene wafika zaka 15 asanayambe kusamba akaonedwe kuchipatala. Ophunzitsa anatsindika kuti anyamata ambiri amatupa mawere pang'ono, nthawi zina mbali imodzi yokha, ndipo kawirikawiri zimatha zokha pasanadutse zaka ziwiri. Mnyamata amene sanauzidwe zimenezi amabisa, amakana kuvula malaya pa masewera, n'kumadziona ngati ali ndi chilema. Mtsikana amene watha msinkhu msanga ndiye ali pa chiopsezo china: anthu amamuona ngati wamkulu, pomwe maganizo ake akadali a mwana wa zaka 11.

Yankho la funso lanu lili mu ubongo. Mbali imene imakonda zosangalatsa ndi kutamidwa ndi anzako imadzuka msanga, pa nthawi ya kutha msinkhu. Mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Mu 2005, akatswiri a zamaganizo Margo Gardner ndi Laurence Steinberg anaseweretsa anthu masewera oyendetsa galimoto pa kompyuta. Achinyamata ankadziika pa ngozi kwambiri anzawo akamaonerera kusiyana ndi pamene anali okha, pomwe akuluakulu sankasintha kwenikweni. Ndiye kuti mwana akamayankha bwino m'kalasi mwathu sakutinamiza. Chabwino amachidziwa, koma pamene mtima uli m'mwamba ndipo anzake akumuyang'ana, chidziwitsocho chimachedwa kufika. Kuwonjezera malangizo sikuthetsa vutoli. Chimene chimathandiza ndi kukonzeratu chochita, njira imene katswiri wa zamaganizo Peter Gollwitzer anaifufuza kwambiri: mwana amatchula nthawi yeniyeni ya chiyeso, n'kuimangirira ku chochita chimodzi. M'malo moti "ndisiya kumwa mowa", anene kuti, "Akandipatsa botolo, ndinena kuti mawa ndili ndi masewera, n'kupita kukakhala ndi uje." Kenako ayeserere mokweza ndi mnzake, kawiri kapena katatu, mpaka mawuwo azituluka osaganizira.

Nkhani ya tulo nayo inatitsegula maso. Pa msinkhu uwu mahomoni obweretsa tulo amayamba kutuluka mochedwerapo usiku, nthawi zina ndi maola awiri, pomwe mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10. Foni pabedi imangowonjezera vutolo. Musanamutche mwana waulesi kapena wamwano, mufunseni nthawi imene anagona dzulo.

Pamene tinakhalitsa ndi pa nkhani ya kudzidziwa. Katswiri wa zamaganizo Erik Erikson anaphunzitsa kuti ntchito yaikulu ya unyamata ndi kuyankha funso loti "ndine yani?" Mu 1966, katswiri wina, James Marcia, anaonetsa kuti tingaone pamene mwana wafika pofunsa zinthu ziwiri: kodi wafufuzapo njira zosiyanasiyana, nanga wasankhapo imodzi? Pali amene sanafufuze ndipo sanasankhe. Ukamufunsa za mawa amangoti "kaya". Pali amene ali mkati mofufuza: lero akufuna unamwino, mawa zoimba, akufunsa mafunso ovuta ngakhale pa zimene makolo amakhulupirira. Pali amene anafufuza n'kusankha. Ndiye pali gulu limene ife alangizi timalikonda kwambiri, la amene anasankha osafufuza, anangolandira zimene akuluakulu anawakonzera.

Mwana wa gulu lomalizali savuta. Amabwera pa nthawi yake, amayankha zimene tikufuna kumva, ndipo timamupatsa udindo. Koma mufunseni chifukwa chake akufuna ntchito imene akutchulayo, mumva kuti "bambo ananena". Akadzalephera mayeso a njira imodziyo, kapena akadzapita kutali kumene kulibe womuuza chochita, amasowa pogwira. Wofunsafunsa uja, amene timamuona ngati wosokoneza, nthawi zambiri ndiye akugwira ntchito ya msinkhu wake. Maganizo athu ndi oti gulu lathu lakhala likupereka mphoto kwa womvera, n'kumatontholetsa wofufuza. Izi sizikutanthauza kuti mwana akane za makolo ake. Akhoza kufufuza n'kubwerera pa zomwezo, koma pamenepo zimakhala zakedi.

Ophunzitsa anatisonyeza momwe macheza oterewa angayendere. Mtsikana wa zaka 15 wanena kuti, "Ine sinditha kalikonse." Mlangizi asathamangire kumutsutsa kuti "iwe ndiwe wanzeru", chifukwa mwanayo sakhulupirira, ndipo macheza amathera pomwepo. Amufunse kuti: "Sabata yathayi, ndi chiyani chimene unachita mpaka kuiwala kuti nthawi ikupita? Anzako amabwera kwa iwe akafuna thandizo lanji?" Akafunsa akhale chete, ngakhale kwa masekondi khumi. Alangizi ambiri amalephera pomwepa, amaopa chete n'kudziyankhira okha. Mtsikanayo akati amathandiza mng'ono wake masamu, mlangizi afunse momwe amachitira mng'onoyo akapanda kumva. Yankho lakelo ndi umboni, ndipo mwanayo aulembe yekha m'kope lake. Poyamikira, tchulani chimene wachita, monga "unafotokoza m'njira ziwiri mpaka anamva", osati kumupachika dzina la wanzeru kapena wofooka.

Katswiri wa zamaganizo a ana David Elkind analemba mu 1967 za zinthu ziwiri zimene timaziona tsiku ndi tsiku: wachinyamata amaganiza kuti aliyense akumuyang'ana, komanso kuti zoipa zimagwera ena osati iye. N'chifukwa chake chiphuphu chimodzi chingamulepheretse kupita kusukulu, ndipo kumudzudzula pagulu kumamupweteka kuposa mmene ife tikuganizira. Chidzudzulo chizichitikira pambali.

Si kusintha konse kumene kuli kwa msinkhu chabe. WHO imati mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo. Kukwiya lero n'kuseka mawa n'kwachibadwa. Koma mwana akakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse kwa masabata awiri kapena kuposa, wasiya anzake, kadyedwe ndi kagonedwe zasintha, kapena akudzicheka, atumizidwe kwa azaumoyo. Ngati mukukayikira kuti akuganiza zodzipha, mufunseni mosazungulira. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Pa tsiku loyamba lenileni, uzani ana kuti zimene anena zidzasungidwa mwachinsinsi kupatula ngati moyo wawo kapena wa wina uli pa ngozi, kapena akuchitidwa nkhanza. Mukalonjeza chinsinsi chopanda malire n'kudzaulula, ana onse amatseka pakamwa.

Tikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane izi. Tilekanitse a zaka 10 mpaka 14 ndi a zaka 15 mpaka 19, popeza ang'ono sayankhula akuluwo akakhalapo. Magulu asapitirire ana khumi, ndipo pa ola limodzi mlangizi asayankhule kupitirira mphindi 15. Mwana aliyense akhale ndi kope lake limene mlangizi saliwerenga popanda chilolezo, ndipo mwezi uliwonse ayese chinthu chimodzi chatsopano n'kudzafotokoza chimene chamukomera ndi chimene sichinamukomere. Tikufunanso anthu awiri odzipereka kuti apeze azaumoyo amene tizitumizako ana, ndipo mayina a azaumoyowo akhale ali m'manja mwa mlangizi aliyense magulu atsopanowa asanayambe.

Ndife nthumwi zanu.