Za galimoto ija ya kuseri kwa garaja

Mphwanga,

Uli bwanji kumeneko, sukulu ikuyenda? Kuno ku Mangochi tili bwino kungoti dzuwa ndiye lakwiya, madzulo tikumakhala panja mpaka kamphepo ka ku Shire katipeze, ndipo agogo ako akuti ukamabwera usaiwale chipewa chija. Ndawauza amayi ako kuti akuwerengere kalatayi pafoni pang'onopang'ono, pomwe sunamve uwaimitse ufunse, usachite manyazi.

Ukukumbuka paholide paja unalowa mu galimoto yakale ija ya kuseri kwa garaja, ija nkhuku zimaikiramo mazira, nkugwira chiwongolero uku ukulira vuuum vuuum ngati injini? Nde unandifunsa kuti malume mwini wake woyamba anali ndani, ine nkungoti ndinagula kwa abambo ena ogulitsa nsomba basi. Iwe unapita koma funso lako linatsala kuno, linandisowetsa tulo, mpaka ndinakagula kope kugolosale nkuyamba kuyilondola galimotoyo ngati mmene timalondolera mapazi a mbuzi yosowa.

Dzina lake ndi Peugeot 404. Kwawo ndi ku France, kutawuni ina yotchedwa Sochaux, ndipo mtundu umenewu anayamba kuupanga mu 1960. Koma yathuyi siyofanana ndi ma 404 ena omwe ndakonzapo. Machubu achitsulo aja unkalendewerako mkatimo si okongoletsa ayi, amawaika kuti galimoto ikagubuduka denga lisaphwanye anthu. Pansi pa injini pali chitsulo chokhuthala chotchinga miyala, pabampala yakutsogolo pali mabowo momwe munali nyali zowonjezera. Zomwe ndimazikonda kwambiri ndi zogwirira ziwiri zili kumbuyo pafupi ndi buti. Ukudziwa ntchito yake? Galimoto ikatitimira m'matope, mnzake wa dalaivala amatsika nkuponda pabampala yakumbuyo, kugwira zogwirirazo nkumadumphadumpha kuti matayala alume pansi, iye matope okhaokha mpaka m'makutu, dalaivala uku akuponda moto. Galimoto yokhala ndi zinthu zoterezi ndi ya mpikisano mphwanga, siyopitira kutchalitchi.

Mpikisano waukulu wa magalimoto otere kuno ku Africa ndi Safari Rally. Unayamba mu 1953 pokondwerera kuti Mfumukazi Elizabeth yavekedwa ufumu, ndipo magalimoto ankadutsa mu Kenya, Uganda ndi Tanganyika, komwe pano timati Tanzania. Ankachita nthawi ya Pasaka mvula ili mkati, masiku angapo usana ndi usiku, mitsinje itasefukira. Mu 1963 ananyamuka magalimoto 84 koma omwe anakafika kumapeto anali 7 okha, tawerenga ndi zala uone kuchepa kwake. Ndipo yoyamba kufika inali 404, yoyendetsa Nick Nowicki ndi mnzake Paddy Cliff. Mu 1966 ndi 1967 inapambananso 404 ya Bert Shankland wa ku Tanzania, mu 1968 Nowicki kachiwiri. Kanayi konse!

Nde kuti udziwe mbiri ya galimoto umayambira pati? Usamakhulupirire penti, penti amasintha. Nambala puleti amasintha, olo injini amachotsa nkuikamo ina. Chomwe galimoto imabadwa nacho nkufa nacho ndi nambala ya chasisi, imene anaidinda pachitsulo kufakitale, ili ngati chidindo cha chala chako chomwe palibe mnzako mkalasi angafanane nacho. Ndinatsegula boneti, ndinapukuta ndi palafini ndi bulashi ya waya tsiku lonse chifukwa dzimbiri linali litadya, kenako ndinaika pepala pamwamba nkupaka pensulo mpaka manambala anayamba kutuluka limodzilimodzi. Iwenso tayesa lero, tenga ndalama yachitsulo uike pepala pamwamba upake pensulo mopendeketsa, uona chithunzi chikutuluka chokha.

Nambalayo ndinakaifananitsa ndi ya mu bulu buku, chikalata cha boma chija chimanena mwini galimoto. Kenako ndinapita ku Mpondasi kwa abambo a nsomba aja, pano akalamba maso akuwavuta koma mutu uli bwinobwino. Anandiuza kuti ankanyamulira chambo kupita nacho ku Limbe, kunyamuka tambala asanalire, ndipo siinawagonekepo panjira olo kamodzi. Iwo anagula kwa ahedi ena a sukulu a ku Namwera. Basi Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi nkuyamba kukwera zitunda za ku Chowe zija unkatseka maso pokhota, ndinakapeza kuti ahediwo anatisiya kalekale koma amayi akunyumba kwawo alipo. Anandiyalira mkeka, anandipatsa thobwa, ndipo nditafotokoza chomwe ndayendera anakhala chete kanthawi nkutuma mdzukulu wawo kuti akatulutse sutikesi yachitsulo pansi pa bedi.

Mphwanga, mtima unandigunda. Munali malisiti, makalata omanga ndi ulusi wa thumba, ndi pepala la kasitomu lofiirira ngati tiyi, lopindapinda moti ndimaopa kulitambasula. Pepalalo limanena kuti galimotoyi inalowa m'dziko muno kuchokera ku Kenya ili ndi nambala puleti yoyamba ndi K, ndipo anabwera nayo mzungu wina yemwe anadzagwira ntchito pa esiteti ya fodya konko ku Namwera. Pobwerera kwawo ndi pomwe anawagulitsa ahediwo. Pansi penipeni panali chithunzi chopanda mitundu, galimoto ili matope mpaka m'mawindo, nambala yayikulu pachitseko, amuna awiri ataima pambali akumwetulira mano okha mbuu.

Koma pamenepo panavuta kanthu. Nambala ya papepala la kasitomu inasiyana ndi ya mu kope langa pamalo amodzi, papepalapo panali 3 pomwe ine ndinalemba 8. Ndinabwerera kunyumba nkhope ili pansi, ndimaganiza kuti mapepala onsewo ndi a galimoto ina. Patapita masabata awiri ndinabwerera ku boneti ndi tochi, ndinapukutanso, ndinapakapo choko nkupukuta ndi chala kuti choko chitsale m'mizere mokha, nde ndinaona kuti ndi 3 ndithu, dzimbiri ndi lomwe linakumba kumanzere nkumuoneka ngati 8. Tsiku lomwelo ndinatenga sandipepa nkupala pakati pa chitseko pang'onopang'ono, penti ya buluu inachoka, pansi pake panali yobiriwira ya ahedi aja, pansi pakenso yoyera, ndipo pamenepo panaoneka mkombero wa malo omwe panali nambala ija ya pachithunzi. Ndinakhala pansi pafumbi pompo nkumangoyiyang'ana.

Pano mbiri yafala, anyamata a kabaza akumaima pagaraja nkumauza anthu kuti iyi ndi yomwe inapambana Safari Rally. Ine ndimawakaniza. Mapepala athu akunena kuti inachokera ku Kenya, chithunzi ndi zitsulo zija zikunena kuti inathamangapo mpikisano, basi pomwepo. Siya Nowicki, siya Shankland, ndipo iwenso ukamauza anzako kusukulu unene zokhazo zomwe zili mu kope, zikukwanira kale kuti atsegule pakamwa.

Pali nkhani ina ndimafuna uimve. Mu 1965 anapambana Safari Rally ndi Joginder Singh wa ku Kenya ali ndi m'bale wake Jaswant, ndipo galimoto yawo inali Volvo PV544 yogwirapo kale ntchito, yomwe inathamanganso chaka cha 1964 ili m'manja mwa ena. Anaikonza okha nkukaposa magalimoto atsopano. Ndikaiganiza nkhani imeneyi ndimatenga sipanala nkubwerera ku 404 yathu, mapulagi ndasintha kale, kabureta ndatsuka, pano ndikusaka batire yabwino.

Mu kope muja ndalemba eni ake anayi motsatana, mzungu wa esiteti, ahedi, abambo a nsomba, kenako ine, tsamba lililonse munthu wake ndi zomwe galimoto inkamunyamulira. Chithunzi chija amayi a ku Namwera anandibwereka, ndachijambula pafoni ndipo ndikufuna tikachibweze limodzi ukabwera, ukawathokoze wekha ndi manja awiri. Ubwere ndi zovala zakale zosadandaulitsa zikada ndi oilo, chifukwa ntchito yopukuta nyali ndi kundipatsira masipanala ndakusungira iwe. Nkhuku ndazisamutsira kukhola, mpando wakutsogolo uli mbee kukudikira.

Uwapatse moni amayi ako ndi kamlongo kako.

Ndine malume ako,
kuno ku Mangochi