Ndodo ya Farao

Mwana wanga,

Tamva kuti akusankha kukhala mphunzitsi wamkulu. Mayi ako analulutira mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Ine, monga mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale, maganizo anga anathawira ku Egypt.

Ukukumbukira chithunzi cha Farao Tutankhamun chimene ndinkakuonetsa uli wamng'ono? Manda ake anawatulukira Howard Carter mu 1922. Pa bokosi lake lagolide, mfumuyo yapingasa manja pachifuwa. Dzanja lina lagwira ndodo yokhota ya mbusa, linalo mkwapulo wa zingwe zitatu. Pamphumi pali njoka yotukula mutu pamodzi ndi muimba, alonda a zigawo ziwiri za dzikolo. Pachibwano pali ndevu zochita kumangirira.

Iwe unkaseka ndevuzo. Komatu ngakhale Hatshepsut, mkazi amene analamulira zaka pafupifupi 20, ankamusema nazo pa ziboliboli, poti anthu anazolowera kuti ufumu ndi wa amuna. Iwe usavale ndevu za eni. Usakalipe ngati bambo kuti akuope; yankhula ndi mawu ako omwewo.

Chimene ndikufuna uchigwiritse ndi ndodo ija. Farao ankatengedwa ngati mulungu, koma m'manja anamupatsa chida cha mbusa, chokokera nkhosa yosochera. Mkwapulo nawo ulipo, sindikukana. Mphunzitsi wobwera ataledzera uyenera kumulanga. Koma uyambe wamuitanira mu ofesi, utseke chitseko, umve chimene chikumudya.

Za zisoti zachifumu ndingonena pang'ono. Choyera chinali cha kummwera, chofiira cha kumpoto. Pa mwala wosema wa mfumu Narmer, wa zaka pafupifupi 5,000 zapitazo, mbali ina wavala choyera, mbali ina chofiira, ndipo pambuyo pake mafumu anaziphatikiza kukhala chimodzi. Pasukulupo upezanso magulu awiri, akale ndi achinyamata, aliyense akukukokera kwake. Uvale zonse ziwiri.

Chimandiseketsa ndi ichi: ofukula zakale sanapezepo chisoti choyera kapena chofiira ngakhale chimodzi, timangoziona pa zosema ndi zojambula. Ndodo ndi mikwapulo ndiye zinapezeka m'manda a Tutankhamun.

Ukabwera pa tchuthi udzandiuze amene wayamba kale kukutcha "bwana" mokweza kwambiri. Ameneyo ndikufuna timukambirane. Mayi ako akuti usaiwale mankhwala awo a miyendo.

Ndine bambo ako.