Lipoti la maphunziro a kasamalidwe ka kabayidi

A Wapampando ndi amisiri anzanga owotcherera a ku Luwinga, ndabwerako ku Lilongwe kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndapereka kwa a msungichuma. Amene ankanong'onezana za alawansi apite akawaone.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zolankhula za akuluakulu. Za kalembedwe ka mafomu a ngozi sindikutayitsani nazo nthawi.

Chimene chinandigwira mtima ndi chionetsero cha kabayidi, miyala ija timaiphatikiza ndi madzi m'thanki kuti itipatse gasi wowotcherera. Aphunzitsi anaponya kamwala kamodzi m'chitini cha madzi. Madzi anayamba kubwata, chitini n'kutentha, ndipo atayandikitsa machesi lawi linabuka. Kilogalamu imodzi ya kabayidi imatulutsa malita pafupifupi 300 a gasi wa acetylene. Gasiyo akafika magawo 2.5 okha pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda, kuthetheka kwa galayinda n'kokwanira kuphulitsa zonse. Fungo longa la adyo lija ndilo chenjezo. Ndipo sikuti mpaka athiridwe madzi ayi, chinyezi chokha chimamudya.

Tsono kuno ku Mzuzu, kwa nkhungu ndi mvula yowaza yosatha, ife dramu lathu la kabayidi lakhala pansi penipeni m'shedi yodontha. Ndalama za malata tinasonkha kalekale, a komiti atiuze zinapita kuti. Dramulo liyenera kukhala pa matabwa, lotsekedwa ndithu, ndipo lisamatsegulidwe ndi tchizulo ndi hamala monga achitira anyamata athu.

Kabayidi akayaka, musathire madzi, mungowonjezera gasi. Thirani mchenga wouma kapena chozimitsira moto cha ufa. Akagwera pakhungu, yambani mwasasa fumbilo ndi nsalu youma, vulani zovala, kenako tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 20. Tinthu ta madzi pang'ono ndito timawotcha. Akalowa m'maso, tsukani nthawi yomweyo maso ali chitsegulire kwa mphindi zosachepera 15, osatikita, ndiye thamangirani ku Mzuzu Central Hospital. Wameza musamusanzitse. Phala loyera lotsala m'thanki nalonso limawotcha maso, ndiye zotaya kuseri kumene ana amasewera zithe.

Pomaliza anzathu a ku maphunzirowo anagwirizana kuti tonse tisiye mathanki opanga tokha, tizigula gasi wa m'masilinda. Ine ndinakweza mkono kutsutsa. Kuti masilinda ndi abwino sindikana, koma amene amapeza ya ndiwo powotcherera ma ekizozi a minibasi angakwanitse dipoziti ya silinda? Kwa ine choyamba n'kuchotsa mapaipi a kopa pa mathanki athu, poti acetylene akakhudzana ndi kopa amapanga zinthu zophulika, ndi kuika flashback arrestor, kachipangizo koletsa lawi kubwerera m'paipi, pa tochi yowotcherera iliyonse.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wa Loweruka tivotere zidebe za mchenga ndi magalasi oteteza maso, ndipo a komiti abwere ndi buku la ndalama za malata.