Ndipemphe kalata kwa munthu amene anandichotsa patsogolo pa pepala langa?

Okondedwa Alangizi,

Tulo tasowa, ndiye ndati ndikulembereni. Ndili ndi PhD ya sayansi ya makompyuta ndipo ndikugwira ntchito ya postdoc pa yunivesite ina imene sinditchula. Ntchito imeneyi ndi ya kontirakiti, kawirikawiri chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo malipiro amachokera ku ndalama za kafukufuku zimene mkulu wa labu anapeza. Ndalamazo zikatha, ntchito yatha. Yanga ili kumapeto.

M'gawo lathu lino munthu amayezedwa ndi mapepala a kafukufuku a kumisonkhano ikuluikulu monga NeurIPS, ICML ndi CVPR kuposa a m'majenolo. Pa machine learning, nthambi yanga yophunzitsa makompyuta kuphunzira kuchokera ku deta, dzina loyamba pa pepala ndi la amene wagwira ntchito yaikulu, lomaliza limakhala la mkulu wa labu. Anzathu a theory, nthambi ya masamu a makompyuta, amangotsata alifabeti, koma ife ayi. Pa pepala lathu, khodi ya pulogalamu ya kompyuta ndinalemba ndine. Mayeso onse pa ma GPU, zipangizo zamphamvu zowerengetsera, ndinayendetsa ndine, ndipo ma commit, zolembedwa zosonyeza amene anasintha chiyani mu khodi, ali pa Git pomwe timasunga khodiyo, aliyense angathe kuwerenga. Pepala litakwera pa arXiv, webusaiti yoikapo mapepala a kafukufuku, mkulu wa labu anali ataika patsogolo dzina la wophunzira wa PhD amene akuti akufunika kumaliza. Ine wachiwiri. Ngakhale kanyenyezi kosonyeza kuti awiri agwira ntchito mofanana sanaike, kanthu kosadya ndalama!

Pali mawu amene ndinayankhula pamsonkhano wa gulu, sindiwabwereza pano. Koma ndani akanakhala chete? Chichokereni pamenepo mkuluyo amandiyankha maimelo ndi mawu amodzi, pamene ena amawalembera zambirimbiri.

Tsopano pofunsira postdoc ina, kapena uphunzitsi wa pa yunivesite, pamafunika CV, chikalata chofotokoza kafukufuku amene wachita ndi amene ukufuna kuchita, komanso makalata awiri kapena atatu okuchitira umboni. Makalatawo amatumiza okha eni ake, iwe suwaona. Kalata yozizira imapha munthu mwakachetechete, chifukwa komiti imawerenganso zimene sizinalembedwe. Koma ikasowa kalata ya mkulu amene wagwira naye posachedwa, komitiyo imadzifunsanso kuti chinachitika n'chiyani. Kulikonse ndikuona phompho.

Ndaganizira za Marie Skłodowska-Curie Postdoctoral Fellowships, pulogalamu ya European Union yolipirira ntchito ya postdoc, imene amatseka mu September. Imafuna kuti usakhale utapitirira zaka 8 za kafukufuku chitengereni PhD, ndiponso kuti m'dziko limene ukupitalo usakhale utakhalamo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Ndiye kuti kusamukanso, kupeza pulofesa wina wokulandira, kulemba naye pulani yonse. Akunyumba atopa ndi kusamukasamuka, ndipo sindinawauze kuti kontirakiti saiwonjezera.

Chikundipweteka si ndalama ayi. Amene adzatsegule Google Scholar, webusaiti yofufuzirapo mapepala a kafukufuku, adzaona ntchito yanga ili pansi pa dzina la wina, ndipo sindidzakhalapo kuti ndifotokoze.

Ndithandizeni. Kodi ndiwapemphebe mkulu wa labuwo kalatayo, ndipo ndingawafunse mwaulemu bwanji ngati adzalemba yondikweza? Kapena ndingodalira amene anandiyang'anira pa PhD ndi ena amene ndinalemba nawo mapepala? Ndikakadandaula ku ofesi yoona za chilungamo pa kafukufuku nditanyamula ma commit aja, sindidzitsekera makomo m'gawo limene aliyense amadziwana? Nanga ndikapita ku kampani, kubwerera ku yunivesite kumathekanso? Ndipo kunyumba ndiyambire pati?

Ine,
Wosowa pogwira